Mbawa ya Mkamwini

Masiku ano mwamuna saloledwa kukwatira mpaka mtengo umene wadzala kwawo kwa mkazi utapirira chilimwe kawiri. Ganizani anadzala mbawa kwa a Chisale, kenako anapita kukasaka ganyu kutali, poti chimanga chake chinali chitapsa ndi dzuwa.

"Iume basi," ankatero a Chisale. "Mwana wanga Tiyanjane sangakwatiwe ndi munthu woyendayenda."

Madzi ankavuta kumjigo, koma mbawayo sinafote. Tsiku lina m'mawa akazi awo, a Nangozo, anawapezerera akuithirira madzi awo osamba.

"Bambo a Tiyanjane, kani n'chifukwa chake mwatuwa chonchi mwezi wonsewu?"

"Mtengo sunandilakwire," anayankha a Chisale osatembenuka. "Koma mukakamuuza mnyamatayo, ndiuzula."