Loko Wotchingira Amayi

A Mawaya anadinanso batani. Kanyali kofiira pa kabolodi ka magetsi kanaphethira bwinobwino, koma solenoidi inangoti zii, osasuntha ngakhale pang'ono. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

Dzina lakuti Mawaya anawapatsa ndi anzawo, masiku amene ankakonza zikepe za m'nyumba zosanja. Atapuma pantchito anapitiriza kuseweretsa timawaya patebulo la m'chipinda chakuseri, kuti zala zisaume. Koma ntchito ya ulendo uno sinali yocheza. Akazi awo mutu unali utayamba kusokonekera. Ankangotsegula chitseko n'kumapita, osadziwa kolowera. Tsiku lina anawapeza pamphambano atavala nsapato imodzi, akufunsa anthu njira ya kusukulu komwe anasiya kuphunzitsa kalekale.

N'chifukwa chake a Mawaya ankafuna loko wotseguka ndi nambala. Pachitseko pakanakhala solenoidi, kachitsulo kokulungidwa ndi waya kamene kamakoka mpiringidzo magetsi akadutsamo. Munthu akadina nambala yolondola, kakompyuta kakang'ono ngati chala, kamene amakatchula kuti maikulokontirola, kakanalamula kuti tsegula. Koma kakompyutako nzeru kali nazo, mphamvu kalibe, pomwe solenoidi ndi yosusuka pa magetsi. Pakati pawo pamafunika katransista, kamene kakangonong'onezedwa pang'ono kamatsegulira magetsi ambiri. Zinthu zimenezi a Mawaya ankazichita ngakhale atatsinzina. Lero zinkawakanika.

Anayambiranso poyambirira. Anatsata njira iliyonse ya mkuwa ndi nsonga ya pensulo. Anayang'ana dayodi yotetezera katransista ku magetsi obwerera, ngati sanaiike chozondoka. Inali bwino. Anasungunulanso mtovu pamiyendo yonse ya tizipangizo ta pakabolodipo, mpaka dontho lina linawagwera pantchafu. Sanakuwe. Anangoyang'ana kabowo kamene kanapsa pathalauza.

Chitseko cha chipindacho chinatseguka, n'kulowa mwana wawo wachisamba, mayi wa ana akuluakulu, atanyamula tiyi ndi kapepala ka pulasitiki.

“Ababa, timatransista munandituma tija ndi iti.”

“Wachita bwino. Kodi mita yanga yoyezera ili kuti? Ndaifuna ponseponse.”

“Inawonongeka, ababa. Ndikapeza mpata ndikakonzetsa.”

“Munthu wa magetsi wopanda mita ndi wakhungu wopanda ndodo,” anadandaula. Kenako anatsitsa mawu. “Amayi ako adya?”

“Za amayi musade nazo nkhawa. Imwani tiyi asanazizire.”

“Usawachotse diso, mwanawe. Kumsewuko magalimoto sasankha munthu. Akadzatulukanso tidzawatola pansi.”

Mwanayo anakhala pampando wapakona n'kumaonerera bambo ake akuchotsa katransista kakale, n'kuika katsopano. Zinatenga nthawi. Miyendo itatu ya kanthuko inkakana kulowa m'timabowo, ndipo utsi wa mtovu unkawalowa m'maso. Atamaliza anauzira, analumikiza batire, n'kupumira m'mwamba.

Anadina batani. Kanyali kanaphethira. Solenoidi zii.

Anayesa kena, zomwezo. Kenanso, zomwezo. Tiyi anazizira mpaka kuchita kakhungu pamwamba.

“Ndatha ine,” anatero a Mawaya, manja ali pansi pa tebulo ngati akuwabisa. “Ndinkakweza anthu m'mwamba ndi kuwatsitsa, palibe amene anagwapo. Lero kachitseko kamodzi kandipinda. Mayi amene anandisamala moyo wanga wonse, ine ndikulephera kumutchingira khomo.”

“Mawa zitheka, ababa.”

“Mawa, mawa. Matenda aja amadikira mawa?” Anayang'ana kukhoma kumene kunali chipinda chawo chogona. “Ndikuchita manyazi ngakhale kukawaona. Ndikalowamo ndi chiyani, manja lendelende? Chikangoti khethe chinthuchi, ndikawatenga ndekha adzaone kuti mwamuna wawo sanafe mutu.”

Anakoka pepala loyera n'kuyambanso kujambula: batire apa, kakompyuta apa, solenoidi apo. Mizere inkatuluka yokhotakhota. Posakhalitsa pensulo inaima, chibwano chinagwera pachifuwa, n'kuyamba kuwodzera, dzuwa la masana likuwawomba pamsana.

Mwanayo anazimitsa chowotcherera mtovu, anatola kapu, n'kuwafunditsa juzi m'mapewa. Anatola timatransista tonse tochotsedwa tija n'kutibwezera m'kapepala komwe kaja. Anali ndi ulendo wa kumsika, choncho anatenga chikwama n'kulunjika kukhomo lalikulu. Pamenepo anadina nambala, mpiringidzo unati khethe, ndipo atatuluka unadzitsekanso wokha.

Loko ameneyo anamupanga ndi a Mawaya omwewo, zaka zapitazo, akazi awo asanamwalire. Mwanayo anangosintha nambala, poti tsopano osokonekera mutu anali bambo akewo. Ndipo timatransista ankawapatsa takufa dala, chifukwa tsiku limene kabolodi kanagwira ntchito, bambo ake anathamangira kuchipinda kukaitana amayi, ndipo atawasowa analira maliro ngati awamva kumene.