Bambo Ndinafikako

Alamu ake a wojambula katuni anafika masana, tsiku lachiwiri la tchuthi, atapanira envelopu yaikulu kukhwapa. Polowa anapunthwa pa sutikesi yomwe inali kuseri kwa chitseko. Sanaseke. Maso a wojambulayo anathamangira pa envelopuyo.

Ankadziwa zomwe zinali m'katimo.

Kwa zaka zitatu, Loweruka lililonse, nyuzi inkatulutsa katuni yake patsamba lomaliza. Mwini katuniyo anali Bambo Ndinafikako, mkulu wa mimba yotsogola ndi kadazi konyezimira. Ukatchula dera lililonse padziko lino, iye anafikako kale, ndipo nthawi imeneyo kunali kokoma kuposa lero. Anthu ankamukonda mkulu ameneyu. Ometa ankamumata pagalasi. M'maofesi ankamupachika pafupi ndi ketulo.

Chimene anthuwo sankadziwa n'chakuti Bambo Ndinafikako anabadwira pampando wa alamuwa. Tchuthi china banja lonse linasonkhana kwawo. Atadya, alamu anayamba nkhani ya maulendo awo a pa lole, n'kugona ili pakati, kukamwa kuli yasa. Wojambula anasolola pensulo. Anawajambula kuseri kwa tikiti ya basi. Zina zonse anangowonjezera pang'onopang'ono, za m'mutu mwake. Masupuni asanu a shuga mu tiyi. Katundu womangiratu, ulendo wake wosadziwika. Magalasi otayika kasanu patsiku.

Sanauzepo munthu. Ngakhale mkazi wake. Makamaka mkazi wake. Alamuwa ndi amene analera mayiyo makolo atamwalira, n'kumuphunzitsa mpaka kupeza ntchito. M'nyumba muno ukanatha kunyoza nyengo, aneba, ngakhale ndiwo zapsa mchere. Koma osati achimwene.

Wojambula anawalozera sofa alamuwo. Iye anakhala pa tebulo lake lojambulira, pafupi ndi windo, n'kuvundikira katuni ya sabata yamawa ndi chigongono. Mkazi wake anabweretsa tiyi. Envelopu inakhala pamiyendo ya mlendo, dzanja lili pamwamba pake.

Wojambula anafuna kuchedwetsa nkhani ya envelopuyo. Anafunsa za ulendo. Alamu anati adzera msewu watsopano wa kumapiri, ndipo anali asanamalize chiganizo pamene wojambula anawalanda mawu. Msewu umenewo anaudziwa usanathiridwe tala. Anafotokoza za basi imene inamusiya akugula nthochi, mmene anaithamangitsira nsapato imodzi ili m'manja, ndi mmene nthochi za masiku amenewo zinkakomera. Anaitalikitsa dala nkhaniyo. Inadya mphindi makumi awiri. Mkazi wake ankayang'ana kudenga, milomo ikuyenda pang'ono ngati akuimba nawo nyimbo yodziwika.

Nkhani inatha. Envelopu sinachoke.

Wojambula anathira shuga m'kapu. Anasokoneza chiwerengero. Analawa, n'kuwonjezera.

Mkazi wake ananyamula thireyi kuti abwerere kukhitchini, koma alamu anakweza dzanja.

"Khala, mlongo wanga. Izi zikukhudza iwenso."

Basi, zathera pompa, anatero wojambula mumtima. Anadziona akugona pasofa mpaka chaka chamawa, akudya yekha ngati mlonda.

Alamu anatsegula envelopu. Anayala zodula za m'nyuzi patebulo, chimodzichimodzi, ngati wapolisi akuyala katundu wakuba. Zinali zambiri. Zina zinali zitachita chikasu. Munthu ameneyu anazisunga kuyambira pachiyambi, akungoyang'ana, akungomeza mate. Pamwamba penipeni anaikapo ya sabata yathayi: Bambo Ndinafikako ali patchuthi, akulangiza dalaivala njira yachidule, basi yonse n'kukathera m'munda wa munthu.

Wojambula anafuna kuoneka ngati akuziwerenga mofatsa. Anafufuza magalasi ake patebulo. Pansi pa mapepala. M'thumba la shati, m'thumba la buluku. Sanawapeze. Zithunzizo zinangokhala mbuu. Mwinanso zinali bwino choncho.

Anayamba kukonza chipepeso. Anena kuti unali ubwana, ngakhale anali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Anena kuti mimbayo anaikulitsa ndi mkonzi wa nyuzi. Ayi, bodza limenelo silingayende. Angovomera. Ndipo Loweruka likubwerali amukweza Bambo Ndinafikako basi yosabwerera. Mtima unamuwawa. Anajambulapo mbalame, misika, nkhope za ana, zithunzi zimene iye ankati ndiye luso lenileni. Palibe anazimata pagalasi. Chinthu chokhacho chimene anthu anamudziwa nacho chinali mkulu wa kadaziyu. Koma pakati pa katuni ndi mtendere wa m'nyumba, munthu wanzeru sachedwa kusankha.

Alamu anatsokomola. Anayang'ana mlongo wawo, kenako anayang'ana iye. Nkhope yawo inali ya munthu wobwera kudzazonda wodwala.

"Alamu, ine sindinabwere ndekha. Andituma. Banja lonse tinakhala pansi, ndipo taona kuti zafika poipa."

"Ndikudziwa, alamu. Ndipo ine ndikufuna…"

"Dikirani ndimalize. Kamodzi kokha m'moyo mwanu, dikirani munthu amalize."

Anadikira.

"Tonsefe tili ndi zofooka zathu," anatero alamu, mawu atatsika. "Koma munthu wamkulu ngati inu, kumadziika m'nyuzi sabata ndi sabata kuti dziko lonse likusekeni? Ana anu akuyenda chozolika."

Mkazi wake anatambasula dzanja, n'kumutsitsira magalasi omwe anali pamphumi pake.

"Ine ndinawauza kuti akusiyeni, bambo," anatero. "Mumanena zoona zokhazokha. Mimba yokhayo ndi imene mumaichepetsa."