Madontho Atatu a Mkungudza

"Mwabweretsa mafuta abodza, achimwene!" anakalipa Ndaona, kabotolo kali m'manja.

Chiletsereni kuthyola tsamba la mkungudza m'phiri la Mulanje, banja lililonse linkalandira madontho atatu okha a mafuta a masambawo pamwezi. Ena ankapirikitsira njenjete m'mabokosi. Kwa a Namakhwa, kwawo kwa Ndaona, ankadontheza limodzilimodzi pakansalu. Bambo awo, amene anakalamba akucheka matabwa m'phirimo, anali ataiwala ndi ana awo omwe, koma akanunkhiza kansaluko maso ankawala: "Ndaona, mwanawe, wadya?" Kwa theka la ola, nyumbayo inkakhalanso ndi bambo.

Lero bambowo ananunkhiza, n'kupinda kansaluko bwinobwino, n'kumubwezera Ndaona. "Zikomo, mayi."

"Awa ndi opanga kufakitale," Ndaona anaumirira. "Enieniwo mwapatsa ndani?"

Sailesi, mchimwene wakeyo, anatulutsa kapepala ka makina oyezera a kudepoti yogawira mafutawo. "Werenga wekha. Zonse zopezeka m'tsamba zilimo, makumi anayi ndi ziwiri. Akutcheza masambawo ine ndinali pomwepo, ndikuona ndi maso angawa."

Ndaona ananunkhiza yekha. Linali lomwelo, fungo la malaya a bambo akamatsika kuphiri, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Mafutawo anali enieni ndithu.

Anathira pakansalu madontho awiri otsalawo.

"Iwe, ndi a mwezi wonse amenewo!"

Sanamumve n'komwe. Anagwada, n'kugwira chibwano cha nkhalambayo.

"Nunkhizaninso, bambo. Munkandinyamula pamapewa powoloka Likhubula, ine ndikukukokani makutu. Ndiyang'aneni kuno! Ndine ndani? Bambo, yankhani!"