Nkhope ya Kuchikuto

Sarmila, wogwira ntchito mulaibulale, anali atayatsa kale makina ojambulira mabuku, koma bukulo sanaliike. Linali buku la zomera za m'mapiri, lotsala lokhalo mulaibulale ya yunivesite, ndipo masamba ake ankathothoka. Ophunzira ankalifuna pakompyuta mayeso asanafike.

Patsogolo pake panakhala mayi Poudel, mkazi wa malemu amene analilemba, tiyi wamkaka ali m'manja.

"Wandiitanira chiyani, mwana wanga?"

"Mwini bukuli tsopano ndinu, mayi. Sindingalijambule lonse musanavomere."

Mayiwo anaseka mpaka tiyi kutayikira. "Kumsika konkuno ku Pokhara amaligulitsa lofotokopa, pafupi ndi wokazinga samosa! Ndani anabwerapo kudzandifunsa?"

"Ine ndikufunsa."

Mayiwo anatembenuza bukulo. Kuchikuto chakumbuyo kunali chithunzi cha malemuwo, bambo wachipewa chopendekeka, atatsinzina diso limodzi chifukwa cha dzuwa. Anachisisita ndi chala.

"Akumsikawo tsamba ili amalidumpha, ati limatha inki," anatero motsitsa mawu. "Jambula lonse. Koma uyambire apa."

Sarmila anagoneka nkhopeyo pagalasi mosamala, nadina batani.