Masaya Osalala

Isaya anatseka laputopu Hilda atangolowa m'duka momwe iye ankagwirira ntchito. Koma ulendo uno mkazi wakeyo anali ataona kale: nkhope ya mtsikana, masaya osalala ngati dzira.

Isaya anali fundi wosema zifanizo za m'tchalitchi pa Mbamba Bay. Chaka chino anayamba kuphunzira kuumba pakompyuta, ati makasitomala aziona chifanizo mtengo usanadulidwe. Ankati chimayamba ngati ukonde wa timizere, iwe n'kumakoka mfundo imodziimodzi, kenako n'kusalaza. Hilda sanatsutse. Koma ndi woyera mtima uti amene mwamuna amamusisita tsaya ndi mausi ya kompyuta tsiku lonse, uku akuusa moyo?

Zizindikiro zinalipo. Rahel wogulitsa usipa anayamba kupereka moni wautali pakhomo pa duka. Chithunzi cha malemu amayi a Hilda, chimodzi chokhacho, chinachoka pakhoma, ati chikuonongeka ndi chinyezi. Eya, wofuna kuchita zamanyazi amayamba wachotsa maso a apongozi. Amayiwo anamwalira ku Nkhotakota mwera utatseka nyanja, Hilda osakaika nawo maliro, ndipo zinkamuwawabe.

Lachinayi masana Hilda analongedza chikwama, n'kuchiika pakati pa duka.

"Tsegulani, bambo a Mayeso. Ndimuone bwino ndisanapite kwathu."

Isaya anazengereza, kenako anatsegula. Nkhope ija inatembenuka pang'onopang'ono, yopanda khwinya ngakhale limodzi.

"Hule iwe," anatero Hilda, chala chili pagalasi. "Wopanda manyazi. Amene anakubala anataya nthawi."

"Mayi a Mayeso, musatero. Sindinamalize. Ndinasalaza mopyola muyeso, zonse zinafufutika. N'chifukwa chake ndimabisa, ndimafuna muone zitakhala bwino."

"Zikhale bwino kwa ndani?"

 Isaya anayamba kudina batani lobweza ntchito m'mbuyo. Masaya aja anaphwa. Makwinya anabwerera pamphumi, ena m'mbali mwa maso. Mlomo wam'munsi unapendekera kumanzere. Pomaliza panatuluka mphini ziwiri patsaya, zimene Hilda ankaziwerenga ndi chala ali mwana.

"Ndi cha pachiliza chawo," anatero Isaya motsitsa mawu.

Hilda anachotsa chala pagalasi paja. Anali atatukwana amayi ake.