Makala Atatu a ku Chilenje

Magetsi atazima ku Chilenje, Perpetua anapeza kuti machesi atha, pomwe mwamuna wake Mathias, amene chifuwa chinamugoneka sabata yonse, ankafuna madzi otentha. Anatola kachidutswa ka lata n'kutuluka kukapala moto.

Kumapeto kwa msewu, azibambo anali atazungulira moto waukulu pabwalo la nyumba ina, onse ali chete, zipewa zili m'manja. Perpetua ankadziwa bwino kuti moto wa pamaliro sapala, koma anagwadabe.

"Ba tate, nipempako moto. Nili na odwala kunyumba."

Mkulu wina anatola makala atatu ndi dzanja, osapsa, n'kumuikira pa lata.

Kunyumba mbaula inakolera nthawi yomweyo. Malawi ake anali oyera ngati mwezi, opanda utsi, ndipo makala sankanyeka. Perpetua anaiwala ketulo, anangoti kukamwa yasa.

Kenako geti linalira. Azibambo aja analowa mmodzimmodzi n'kukhala pansi mozungulira mbaula. Wotsiriza anatula mtolo wa nkhuni pansi pa zenera la Mathias.

"Osavutika, amai," anatero mkulu uja. "Tizausonkhezela ise mpaka kuche."