Chipolopolo Chimodzi cha Dell Kjelstad

Panali munthu wina kwathu kuno kumapiri a Idaho, ku America, dzina lake Dell Kjelstad. Amene akumudziwa akhoza kukuuzani okha. Mkuluyu ankasonkhanitsa mfuti zakale zosakira nyama, zija zolowa chipolopolo chimodzi basi: ukaomba uitsegule, uchotse chigoba, uikemo china. Zinadzaza khoma lonse la pabalaza, ndipo ankazipukuta kuposa mmene ankatsukira mano ake.

Kuomba ankathadi, tisamunamizire. Koma matama, abale inu! Ankati mlenje weniweni sanyamula chachiwiri. Anzake a mfuti zoterezi amapanira china pakati pa zala, zina m'thumba. Iye ayi. Chimodzi m'mfuti, kwatha.

Tsiku lina m'nyengo yosaka nswala, chisanu chitayamba kuluma, ananyamuka ndi mlamu wake Royce. Mkazi wake Marlys anamutsatira mpaka pagalimoto.

"Bambo a Tessa, tengani zina ziwiri zokha. Sizilemera."

"Kodi amayi, ndinayamba ndaphonyapo ine?"

"Sindikunena za nyama. Ndikunena za inu."

Marlys ankadziwa chimene ankanena. Kumapiri kwathu kulibe netiweki ya foni. Ukagwa m'mavuto umaomba katatu motsatizana, ndipo aliyense wakumva amasiya zonse n'kuthamangira komweko. Kuomba kamodzi ndiye kuti munthu wapha nyama yake, zikumuyendera. Ngakhale mwana amadziwa zimenezi.

Atafika pothera msewu, Royce anatulutsa zipolopolo ziwiri n'kumuponyera Dell m'thumba la jekete.

"Achemwali anga andituma. Musandiyambanitse nawo, alamu."

Dell anazitulutsa n'kuziika pampando wa galimoto.

"Zisungeni inuyo, alamu. Paja inu mumaomba mpaka mbalame zonse kusamuka, nyama ili phee kukuyang'anani."

"Nyozani, nyozani. Tionana madzulo."

Anaseka n'kusiyana, Royce kumanzere kwa chigwa, Dell kumanja.

Masana, akudutsa pamathanthwe, Dell anaponda mwala woterera. Anagubuduka mpaka pansi pa phompho. Mwendo wamanja unathyoka, fupa kuonekera, ndipo phazi linalo linapanikizika pansi pa chimwala. Anayesa kudzikoka, n'kukomoka. Mmene ankatsitsimuka n'kuti chipale chofewa chitayamba kugwa.

"Alamu! Royce! Ndikufa kuno!"

Mphepo inameza mawuwo. Anakuwa, kukuwa, mpaka mawu anasasa.

Kenako kutsidya kwa chigwa, kutali, anaona kadontho kofiira kakuyenda. Inali jekete ya Royce, ija yowala imene alenje amavala. Mfuti inali pambali pake, yosathyoka, chipolopolo chili momo.

"Ambuye, ingomudziwitsani kuti zalakwika. Chonde, Ambuye."

Analozetsa mfuti kumwamba n'kuomba. Phiri lonse linayankha.

Kadontho kanaima.

"Eya, bwerani alamu! Bwerani, chonde!"

Kanaima kanthawi ndithu. Kenako kanatembenuka n'kuyamba kutsika, kulowera kugalimoto.

"Ayi! Ayi, Royce, ayi!"

Dell anatsegula mfuti. Anapisa m'thumba la kumanja, mulibe. La kumanzere, mulibe. Anapisanso, kupisanso, ngati sakudziwa kumene anazisiya. Anatola chigoba chotentha chija, kuchibwezera m'mfuti, n'kukoka. Kha! Basi. Anakokanso. Kha! Bambo wamkulu wa ndevu zake analira ngati khanda. Ankatchula Marlys, ankatchula mwana wake Tessa, ankapepesa anthu oti sakumumva. Miyendo inasiya kupweteka, ndipo apo m'pamene anachita mantha enieni, chifukwa ankadziwa tanthauzo lake: chisanu chinali chitayamba kuipha.

Royce anayamba kuda nkhawa dzuwa likulowa, koma chipale chinali chitafufuta mapazi onse. Anthu anamupeza Dell m'mawa mwake mothandizidwa ndi agalu, akupumira m'mwamba. Kuchipatala anadula mwendo wothyokawo m'bondo. Anadulanso phazi linalo, lomwe linali litaferatu ndi chisanu.

Atatsegula maso, Marlys anali chilili pawindo. Royce anali pampando, maso ali psuu.

"Alamu," anatero Dell motsitsa, "simunandimve?"

Royce anagwira kumaso.

"Ndinamva, alamu. Ndinamva bwinobwino. Ndinaima kudikira yachiwiri. Kuli zii. Ndiye ndinati, 'Mdala uja wagwetsanso.' Paja mukapha simufuna munthu wokuthandizani kusenda, mumati timakuonongerani chikopa."

Anayang'ana pansi n'kupitiriza.

"Ndinakondwa, alamu. Mulungu andikhululukire, ndinakondwa. Ndinatsika ndikuimba mluzu, n'kukakuphikirani khofi."

Phunziro: Luso lako lisakutseke makutu. Amene akukuuza kuti unyamule zapadera sakukayikira dzanja lako, akuopa tsiku limene udzafune kuitana anthu. Ukazoloweza abale ako kuti iwe sufuna thandizo, adzakukhulupirira pa tsiku lolakwika. Usaisunge wekha nkhaniyi. Itumize kwa anzako, makamaka uja amene amati iye saphonya, asananyamuke ulendo wina.